Amene Anatsuka Kaliwo wa a Zuze

Munthu wovomera mlandu msanga amandikwiyitsa ine. Wakuba mbuzi amakana mpaka mbuziyo italira kuseri kwa nyumba yake, ndipo ameneyo ndimamumvetsa. Koma mayi amene ndinamupeza m'chitokosi pa Nsanje m'mawa umenewo sanadikire n'komwe kuti ndikhale pansi.

"Ndawapha ndine," anatero.

Dzina lake anali Helena. Diso lakumanja linali litatupa mpaka kutsekeka, bulauzi itang'ambika paphewa. Amene ankati wawaphawo anali apongozi ake aamuna, a Sebastiano Zuze a kwa Malemia, nkhalamba imene inagwirapo ntchito padoko ku Beira isanawolokere kuno pothawa nkhondo. Anali atamwalira dzulo lake masana, thovu lili kukamwa, thukuta lili chuchuchu. Wa kuchipatala atangowatsegula zikope ananena kuti ndi mankhwala opopera thonje.

"Munawathira m'chiyani mankhwalawo, mayi?" ndinafunsa.

Ndinafunsanso.

"Mu ndiwo? M'madzi akumwa?"

"Lembani zimene mukufuna, bwana. Ndine."

"Munayambana?"

"Sanandinyozepo chibwerere pakhomo paja. Ankanditenga ngati mwana wawo wobala okha."

Asa! Ndiye umapha munthu chifukwa chokukonda? Ndinatuluka mtima ukuwira. Masiku amenewo mlandu wakupha unkapita ku khoti la mafumu ku Blantyre, kumene loya sankaloledwa kulowa, ndipo munthu wovomera yekha ankangodikira chingwe ku Zomba. Galimoto ya akaidi inali yoti inyamuke m'mawa mwake. Helena akanakwera imeneyo sakanauonanso mtsinje wa Shire.

Bwana wanga anandiyang'ana pamwamba pa magalasi ake. "Sajeni Alufandika, munthu wavomera. Ukufunanso chiyani, mvula?"

"Ndikufuna ndikaone pakhomopo, bwana."

"Galimoto ilibe mafuta."

Ndinatenga njinga yanga.

* * *

Ndinafika anthu atabwerako kale kumanda. Kuno kuchigwa maliro sachedwa, dzuwa lake sililola. Amuna anali pansi pa mtondo, amayi atadzaza pakhonde ndi m'nyumba ya siwa. Ndisanatsamiritse n'komwe njinga, mayi wina wamfupi wonenepa anali atandigwira kale mkono. Anali Dorika, wa nyumba yoyandikana nayo.

"A polisi, bwerani kuno, ine ndiye ndinaona zonse. Musamvere enawa, angomva. Ine sindikonda zolankhulalankhula, aliyense akuuzani, koma zimene ndinaona dzulo, abale inu!"

"Munaona chiyani?"

"Madala aja atangogwa, ife tonse tili mayo mayo, wina akuthamangira mkaka, wina makala. Ndikuti ndicheuke, Helena kulibe. Ndapita kuseri kwa bafa, ndamupeza ali kalikiliki, akutsukuluza kaliwo wa madala uja, wagalasi uja. Thupi lisanazizire n'komwe! Inu mukudziwa, a polisi, kuno katundu wa womwalira sakhudzidwa mpaka mwambo wa kupita kufa utachitika, imfa itachotsedwa pakhomo. Mwana wamng'ono amadziwa zimenezo. Ndiye ndinakuwa. Ndikanatani?"

"Iye anati chiyani?"

"Anangondiyang'ana. Kenaka ananyamuka ndi kanthu m'chitenje, liwiro la kumtsinje. Pobwera anali chimanjamanja."

Ndinamufunsa za chakudya. Anagwedeza mutu mpaka duku linasuntha.

"Ayi, za ndiwo ndiye musavutike. Anali matemba otendera, ndipo mcherewo ndinathira ndine. Tinali limodzi kudimba ndi Helena kuyambira mbandakucha, tabwera dzuwa lili pamutu, iye waphika, wandiitana pampanda kuti ndidzamuthirire mchere. Ndinalawa kawiri, mwina katatu. Si ndili pano?"

Sindinafunse chifukwa chake, ndine mwana wa kwa Kasisi ine. Mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'chinthu cholowa m'kamwa mwa anthu, kuopa kuwadwalitsa tsempho. Amaitana mnzake. Ndinangosunga mumtima kuti ndiwo zinalibe mlandu.

"Nanga mwamuna wake ali kuti?"

"Ignasio? Anapita ku Joni kalekale, zii mpaka lero. Wina akanabwerera kwawo, koma uyu anakhala. Kulima thonje yekha, kupopera yekha, kusamalira nkhalamba ziwiri, ina yosaona. N'chifukwa chake ndikuti mtima wa munthu ndi thengo. Mwina anatopa."

Pamawu omalizawo anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

* * *

Amene anamubweretsa Helena ku boma anali Symon, mkulu wa anyamata a chipani m'mudzimo. Ndinamupeza pamaliro pomwepo atavala malaya ake ofiira, atakhala pampando pamene akuluakulu anali pansi.

"A Sajeni, mwadzavutikiranji? Ntchito takugwirirani kale ife."

"Ndaiona ntchito yanu. Ili pankhope pake."

"Anagwa yekha," anatero akuyang'ana kumbali. "Anthu anakwiya. Gogo wosaona uja atamva kuti mpongozi wake akutsuka kaliwo anakuwa kuti wandiphera mwamuna. Ife tingokhala? Ndife maso a boma kuno."

Masiku amenewo ngakhale sajeni ankasamala polankhula ndi malaya ofiira.

"Umboni muli nawo?"

Anadzigunda pachifuwa. "Ndinauona ndi maso angawa, dzana. Tinamva kuti pakhomo pano pamakhala kachasu, ndiye tinabwera kudzachita chipikisheni. Madala ndi gogo anali kutchalitchi, tinapeza Helena yekha. Amene anatitsina khutu anati botolo limakhala kuseri kwa mtsuko wa madzi. Ndalowa, ndapisa mkono, botolo ndi ili. Ndatsegula, ndanunkhiza. Eee! Mphuno kuwotcha, misozi mbwee. Mankhwala a mbozi za thonje, aja amagawana m'mabotolo ku kalabu ya alimi. Anyamata anandiseka, koma lero ndani akuseka? Munthu wabwinobwino amasunga poizoni pafupi ndi madzi akumwa? Anali atakonza kale."

"Kachasuyo munamupeza?"

"Ayi. Anatinamiza."

"Botololo lili kuti tsopano?"

"Kafunseni ng'ona."

Ndinalowa m'nyumba ndi kuyang'ana kuseri kwa mtsuko. Munalibe kanthu, kupatula kachizindikiro kozungulira padothi lonyowa pamene pankakhala botolo. Kanali kolowa ndithu, kosonyeza kuti pamalopo pakhala botolo zaka ndi zaka, osati kuyambira dzana. Kaliwoyo anali pawindo, ndipo anthu ankamulambalala ngati njoka.

Chinali chinthu chokongola, ndisaname. Mimba yake yagalasi inali ngati kachipanda, khosi lalitali, pamwamba kambale kadothi koikamo fodya, pambali kampopi kokokera utsi. M'mimbamo mumakhala madzi, utsi umadutsa m'menemo kuti uzizire. Kwathu kuno akuluakulu amapanga zoterezi ndi chipanda ndi bango, koma wagalasi ndinali ndisanamuonepo. Anali mbee, woyera ngati wa m'sitolo. Ndinaika mphuno pakhosi pake. Pansi pa fungo la fodya panali kafungo kena kamene mlimi aliyense wa thonje amakadziwa.

Imfa inalowera pamenepa. Ndipo amene anaoneka akutsuka anali Helena, amene anathawitsa botolo anali Helena, mwini mankhwala anali Helena. Ndinayamba kuganiza kuti mwina bwana wanga sanalakwe.

* * *

"Musamugwire kolimba, ndi wosachedwa kusweka."

Anali madala ena oonda, atatsamira ndodo pakhomo. Anati dzina lawo ndi a Paison, ndipo akhala akusuta limodzi ndi malemuwo chibwerere chawo kuno. Tinakakhala pansi pa mtengo wa masawu, kutali ndi makutu a Dorika. Ankalankhula pang'onopang'ono, mawu alionse ngati akuwakoka m'chitsime.

"Anapatsidwa ndi mmwenye wa pa sitima ya pamadzi, ku Beira. Pothawa anasiya mbuzi, anasiya wailesi. Uyu anamukulunga m'malaya. Akazi ake ankamunena kuti, iwe ukanasiya ine n'kutenga galasi."

"Dzulo munalipo?"

"Ndinalipo. Masana alionse ndimakhalapo. Iye akakoka kawiri amandipatsira, ine ndikakoka kawiri ndimamubwezera. Takhala tikutero mpaka mano atha m'kamwa. Dzulo sanandipatsire."

"Chifukwa?"

"Ndinamupeza atayatsa kale. Galasi lili mbee, loyera bwino, koma madzi ake anali otuwa, ngati otsukira mpunga. Anakoka, n'kutsokomola mpaka misozi. Ndinatambasula dzanja, iye anakana. Anati, Paison, lero ndi wanga ndekha. Ndinakwiya, mwananga. Ndinamutcha womana. Mawu omaliza amene ndinamuuza mnzanga ndi amenewo."

Ndinawasiya alire pang'ono.

"Panalinso ndani?"

"Akazi ake, mai Clotilda, pamalo pawo pakhonde paja. Ankangofunsa kuti, ukukoma? Iye akutsokomola, akuyankha kuti ukukoma, nkazanga. Anasuta mpaka fodya anatha. Kenaka anati m'maso mwada."

"Kaliwoyu amatsuka ndani?"

"Kale anali mai Clotilda. Maso atachita ng'ala anasiya, kuopa kuswa. Ndiye ntchito inagwera Helena."

"Amatsuka ndi sopo?"

Anandiyang'ana ngati ndatukwana. "Sopo! Phula la fodya limamva sopo? Umataya madzi akudawo. Umathiramo nipa, kachasu uja wa kumutu weniweni, n'chifukwa chake pakhomo pano sipankasowa botolo. Sebastiano sankamwa, chifuwa chake chinali choipa. Ndiye umatseka pakhosi ndi chitsononkho, pakampopi ndi chala, n'kumakhutchumula. Koma nipa payekha sangathe. Chimene chimapala phulalo ndi munyu."

"Chiyani?"

"Munyu. Mchere, uja wamiyala. Dzanja lodzaza."

Ndinadzuka mofulumira mpaka ndodo yawo inagwa.

* * *

Dorika ndinamupeza akutsuka mbale za pamaliro.

"Mayi, mundiyankhe mwachidule, ngati mungathe. Helena, mmene analili dzulomo, akanatapa mchere n'kuthira m'kaliwo wa apongozi ake?"

"Helena? Ha! Woopa tsempho ngati ameneyo kulibe m'mudzi muno. Masiku akewo ngakhale chigoba cha mchere sachiyandikira. Ndiye chinthu choti madala aike pakamwa? Bola kumudula dzanja."

"Pamene munkachoka kupita kudimba, kaliwo anali wotani?"

"Wakuda bii, ndinamuona pakhonde. Madala ankadandaula kuti wayamba kuwawa, Helena anati adikire masiku angapo." Anasiya mbale. "Koma pobwera..."

Sanamalize, ndipo kanali koyamba kumuona Dorika atasowa mawu.

Ndinapita kuseri kwa bafa kumene anamupeza Helena. Panali ponyowa chabe. Ndinazungulira nyumba ndikuyang'ana pansi ngati nkhuku, mpaka ndinafika kumapeto kwa khonde, pamene panali kampando kakafupi kosalala chifukwa chokhalidwa. Patsogolo pake, pamtunda woti munthu atakhala pansi angakhuthule madzi, dothi linali ndi banga lotuwa. Nyerere zinali zitafa mulu pamenepo, ndipo pambali panali nthenga ya nkhuku yakuda ndi phula.

Kaliwo uja anatsukidwa kawiri. Kachiwiri ndi Helena, madala atagwa kale. Koyamba anatsukidwa pano, m'mawa, Helena ali kudimba.

"Kampando aka n'ka ndani?" ndinafunsa, ngakhale ndinkadziwa.

* * *

M'nyumba ya siwa munali mdima ndi fungo la thukuta. Ndinapempha amayi kuti atuluke pang'ono, anatuluka akung'ung'udza. Mai Clotilda anali pamphasa atatsamira khoma, kamunthu kakang'ono, maso oyera ngati mkaka, korona m'dzanja limodzi, kachitini ka fodya wamphuno m'dzanja linalo. Ndinavula chipewa ndi kugwada.

"Pepani, amai. Ndine Alufandika, wa polisi."

"Takhuta, zikomo mwananga, mwabwera. Khalani." Mawu awo anali atasasa ndi kulira. "Mwamuona Helena? Wadya?"

Funsolo linandilasa. "Sanadye, amai."

"Mumupatse chakudya. Wandilakwira, koma mumupatse. Ine sindikumvetsa. Mwana amene amandisambitsa, amene amanditsogolera kutchalitchi. Akuti anathira mu ndiwo. Ndinadya nawo ine, bwanji sanatenge ine? Ndikanapita ine, wopanda ntchito."

Choncho palibe amene anawauza za kaliwo kupatula kuti Helena anamukhudza imfa ili pakhomo. Palibenso amene anawauza za chipikisheni cha dzana.

"Amai, kaliwo uja ndamuona. Ndi woyera bwino."

Nkhope yawo inasintha. Pakati pa maliro a mwamuna wawo, gogo uja anamwetulira.

"Mwaona? Ndinatsuka ndine."

Ndinangoti, "Inu?"

"Ine amene. Manja awa. Aliyense amati Clotilda watha, Clotilda aswa galasi. Dzulo m'mawa bambo anapita kukaona thonje akudandaula kuti kaliwo akuwawa, mwana sangagwire munyu. Ndinati, kodi ndinafa ine? Ndamutsuka kaliwo ameneyu kuyambira ku Beira, ndili mtsikana, ndikuona bwino. Zala sizinaiwale. Ndinafufuza munyu pamalo pake, nthenga ndinazula kuphiko la nkhuku yanga. Ndinakhutchumula mpaka mikono kuwawa, ndikumva munyu ukulira m'galasimo. Ndinatsukuluza kamodzi, ndi kusiyamo kanipa pang'ono m'madzi atsopano, mmene ankakondera kale. Helena satero, amaiwala." Anapukusa mutu. "Bambo atabwera ndinawapatsa kaliwoyo m'manja. Kenaka anati, Clotilda, wabwerera utsikana."

Kunja mwana ankalira, wina ankamutonthoza. Ine ndinkafuna kudzuka, kukwera njinga yanga ndi kusabweranso kwa Malemia moyo wanga wonse. Koma funso linali litatsala limodzi, ndipo ntchito yathuyi ilibe chisoni.

"Nipayo munamutenga pati, amai?"

Anatsitsa mawu. "Musatimange nazo, mwananga, si wakumwa. Amakhala kuseri kwa mtsuko. Pamenepo ndi pamalo pake chimangire nyumba ino."

"Simunamve fungo lachilendo?"

Anagwedeza kachitini kaja. "Mphunozi zinafa kale ndi fodya uyu. Ngakhale ndiwo zipserere sindimva."

Ndinkayang'ana manja awo, ang'onoang'ono, okwinyika, pakati pa zala khungu litafiira ngati apsa ndi madzi otentha.

"Mwananga," anatero patapita nthawi, "bwanji mwaleka kupuma?"

Akhungu amamva zimene ife sitimva. Ndikanatha kunama. Ndikanatha kunena kuti ndatopa ndi njinga, n'kutsanzika, gogo uja n'kutsala ndi kumwetulira kwake mpaka tsiku lake lomaliza. Zimenezo ndi zimene Helena ankagula ndi khosi lake. Koma m'mawa mwake galimoto ikananyamuka.

"Amai, dzana muli kutchalitchi kunabwera anyamata a chipani kudzafuna kachasu. Kuseri kwa mtsuko sanapeze nipa. Anapeza botolo la mankhwala a thonje."

Sanakuwe. Ine ndinkayembekeza kukuwa, ndinali nditakonzeka kuwagwira. Anangoika korona pansi, kachitini pansi, n'kukweza manja onse awiri kumphuno. Ananunkhiza kuseri, ananunkhiza kutsogolo, ngati mphuno zingadzuke tsiku limenelo.

"Botolo lake linali lofanana," anatero motsitsa. "Chotsekera chake chinali cholimba. Ndinadabwa."

"Inali ngozi, amai."

"Anatsokomola. Ndinamumva. Ndinati fodya ndi waukali." Anatembenuzira nkhope kumene kunali ine. "Iye ankaona. Madziwo anawaona. Bwanji sananene?"

"Ankaganiza kuti simunatsukuluze bwino basi. Sanafune kukuchititsani manyazi pamaso pa mnzawo."

"Chitsiru," anatero. "Chitsiru changa." Apo m'pamene misozi inatsika, yopanda phokoso.

Kenaka anafufuza khoma ndi dzanja n'kuimirira.

"Helena akudziwa?"

"Akudziwa kuyambira dzulo. N'chifukwa chake anatsukuluza kaliwo, n'chifukwa chake anataya botolo. Wavomera kuti anapha ndi iye."

"Ndiperekezeni."

Pakhomo panabuka phokoso. Namfedwa satuluka pamudzi mwambo usanachitike, amayi anatero, atengera imfa m'misewu. Mkulu wina wa kuchimuna anaima kutsogolo kwawo atatambasula manja. Symon naye anabwera akufunsa kuti walamula ndani.

"Nkhabe! Ayi!" gogo uja anakuwa, ndipo sindikudziwa kumene mawu otero anachokera m'kathupi kaja. "Imfa ili m'manja mwangamu, ndikakhala ndikapita ndi chimodzimodzi. Ndinakuwa dzulo, munandimvera, munamenya mwana wanga. Ndimvereninso lero. Chokani!"

Anapatuka. Dorika anavula chitenje chake chapamwamba n'kuchipinda pakaliyala ya njinga yanga, akulira mokweza, ndipo a Paison anathandiza kuwakweza. Ulendo wonse wa ku boma gogo uja anandigwira lamba kumbuyo. Anali wopepuka ngati mtolo wa bango.

* * *

Bwana wanga anamvetsera nkhani yonse atavula magalasi. Anafunsa gogo mafunso awiri atatu, anaona zala zawo, ananunkhiza kaliwo amene ndinabwera naye m'chikwama. Kenaka anapumira m'mwamba.

"Ngozi," anatero. "Ulembe choncho, Alufandika. Za kachasu usalembe. Katsegule."

Helena ataona amene anali kumbuyo kwanga anadzuka ngati walumidwa ndi chinkhanira.

"Mwawauza!" anandikalipira. "Bwana, mwawauziranji? Ndinakupemphani chiyani ine? Ndinati lembani kuti ndine!"

"Mukananyongedwa, mayi."

"Nanga si ndine? Ndinamva kuti anyamata aja akubwera, ndinabisa nipa m'nkhokwe, ndinaika botolo la mankhwala pamalo pake kuti anunkhize achoke. Ndinati ndibwezera madzulo. Ndinaiwala! Ndinaiwala, bwana, mutu unali kuthonje. Iwowa anangofuna kusangalatsa amuna awo. Maso alibe, mwana wawo anasowa, tsopano amuna awo apita. Chimene anatsala nacho n'choti anawatsukira kaliwo komaliza, iwo n'kuyamikira. Mwawalanda ngakhale chimenecho."

Ndinapulumutsa munthu tsiku limenelo, koma sindinamve kukoma kulikonse.

Mai Clotilda anali atalowa kale, akutsata mawu, manja patsogolo. Anapeza phewa la Helena, anakwera pakhosi, pachibwano. Zala zitafika padiso lotupa lija zinaima.

"Ndani?"

"Ndinagwa, mai."

"Nkhabe. Ndi pakamwa panga apa."

Anamusisita pang'onopang'ono pamalo otupawo. Kenaka anamusiya, anafufuza khoma, n'kukhala pansi pasimenti pomwe panali Helena. Anawongola miyendo, anakonza chitenje.

"Tulukani naye, mwananga," anandiuza. "Mutseke."

"Amai, palibe mlandu. Bwana anena kuti inali ngozi. Boma silikukusungani."

"Boma silikundifuna?"

"Ayi, amai."

Anakweza manja aja m'mwamba. "Nanga ndipite nawo kuti awa?"

Msilikali amene anagwira makiyi anayang'ana kudenga. Helena anapukuta nkhope ndi bulauzi yake yong'ambika, anagwada, n'kugwira manja onse awiri. Gogo uja anayesa kuwabweza, koma Helena ndi mkazi wa khasu, sanawataye. Anawadzutsa, anatembenuka, n'kuika manjawo pamapewa pake.

"Kunyumba, mai," anatero. "Gwirani zolimba, pakhomo pali sitepe."